Makiyi a Bambo

Bambo anga anayendetsa galimoto za eni moyo wawo wonse. Anayamba ndi malole, kenako mabasi, n'kumalizira ambulansi. Pa zaka zonsezo sanagundepo ngakhale nkhuku, ndipo mukacheza nawo mfundo imeneyi sinkachedwa kutuluka. Ana tonse anatiphunzitsa kuyendetsa ndi iwo, mokalipa, pa bwalo la mpira. Atapuma pa ntchito ankayenda pansi ngati wina aliyense, mpaka achimwene anga aakulu, omwe zinthu zinawayendera, anawagulira galimoto yawoyawo. Inali yaing'ono, yotuwa, yatsopano mipando ikadali m'mapulasitiki. Tsiku lomwe inafika bambo anaizungulira, kenako analowa m'nyumba kukavala malaya abwino asanakhale pa chiwongolero.

Galimotoyo inawabwezera ntchito. Ine ndimakhala nyumba ya kuseri mumpanda womwewo, ndiye m'mawa ankaperekeza ana anga kusukulu. Tsiku lachipatala ankatenga amayi kukayezetsa shuga, ndipo aliyense wa mu mzere wathu wa nyumba akadwalitsa mwana ankadziwa khomo logogoda. Asanalize galimoto ankatsekula kaye boneti, kuona madzi, kusolola kandodo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera, kukasololanso, kenako kutsekula pothirira oyilo n'kusuzumiramo ngati muli uthenga. Ife tinkawaseka kuti akudzutsa mkazi wamng'ono. Amayi ankati, "Mnzangayo ndiye amafunsidwa mmene wadzukira. Ine ndimangofunsidwa tiyi."

Achimwene ndi munthu wabwino, ndisawanamizire. Koma ali ndi matenda amodzi. Malo akakhala ndi magalasi aakulu kumaso, antchito ovala mofanana ndi kamphepo kozizira mkati, iwo amawakhulupirira kuposa m'bale wa bere limodzi. Ndiye analamula kuti galimoto ya bambo izipangidwa sevisi ku garaja ya kampani yomwe inaigulitsa, kwina ayi. Kumeneko ankangokutchula kuti "kwa eni ake". "Sipanala ya pansi pa mtengo isadzakhudze galimoto iyi," ankatero. "Waranti ingathe, kampani n'kukana kuikonza ulere ikawonongeka." Mawu amenewa ankawatuluka pafupipafupi moti ine ndi ang'ono anga tinkawatchula a Waranti, koma iwo kulibe.

Panalinso nkhani ina yomwe inkayenda chapansipansi. Bambo anali atakula. Ankafunafuna magalasi ali pamphumi, ankaitana mdzukulu ndi dzina la mnzake, ndipo tsiku lina anaiwala ketulo pamoto mpaka inapserera. Kwa ine zimenezi zinali zazing'ono, poti inenso ndinaikapo foni m'firiji ndili ndi mano onse. Koma achimwene ankazisunga mumtima chimodzichimodzi. Ankafuna bambo asiye kuyendetsa, tiwapezere dalaivala. "Tidzalira tsiku lina," ankandiuza. Pamaso pa bambo sankanena, komabe bambo si mwana. Makiyi awo anayamba kulowa nawo ngakhale kubafa.

Tsiku la sevisi tinapita atatu, ine, bambo ndi achimwene. Anatikhazika pa masofa ofewa, anatipatsa tiyi m'timakapu toti ukameza kamodzi watha, wailesi ya kanema ikulankhula yokha pakhoma. Kokonzera galimoto kunali kuseri kwa chitseko cholembedwa kuti makasitomala asalowe. Achimwene anatambasula miyendo n'kumayang'ana galimoto zatsopano zomwe zinali pa malonda. Bambo anakhala m'mphepete mwa sofa, chipewa pa bondo, maso ali pa chitsekocho ngati kholo lomwe mwana wake ali ku opaleshoni.

Galimoto inatuluka masana ikuwala, matayala atapakidwa zakuda, pansi atayala pepala loti tisadetse, mkati mukununkhira. Mtsikana wa pa kauntala anapereka kiyi ndi manja awiri. Bambo anatsekula chitseko n'kuwerama kuti akoke kachitsulo kotsekulira boneti. Achimwene anawagwira mkono.

"Bambo, chonde. Musandichititse manyazi."

"Ndingoona oyilo, mwana wanga."

"Anthu awa ndiwo eni ake. Ali ndi makompyuta. Inu mukatsekula pano ndiye kuti mukuwauza kuti sadziwa ntchito."

Bambo anabweza dzanja. Tili m'njira achimwene anapitiriza ulaliki: galimoto za masiku ano si malole akale, zikadwala zimanena zokha, kuzigwiragwira n'kumene kumaziwononga. Sanasiye mpaka bambo analonjeza kuti boneti aisiya kufikira sevisi ina. Ndipo bambo anga akati ndalonjeza, nkhani yatha.

M'mawa mwake ndinawaona pawindo ataima kutsogolo kwa galimoto, manja ali kumbuyo. Anaima choncho kanthawi, kenako analowa n'kuliza. Patapita masiku angapo anayamba kudandaula kuti akumva fungo la oyilo wopsa. Anaimbira achimwene, achimwene anaimbira kwa eni ake, ndipo yankho linabwera msanga: ndi oyilo yemwe anadonthera pothira, apserera yekha, palibe chodetsa nkhawa.

"Mwamva?" anatero achimwene pa foni. "Eni ake atero."

Amati tsoka silinunkha. Lathuli linanunkha sabata yathunthu, ife tonse tikulimva.

Loweruka bambo ananyamuka okha kukaona azakhali, mlongo wawo, omwe amakhala kutali ndithu, ulendo wa mumsewu waukulu. Ali pa chitunda chachitali nyali yofiira inayaka, injini n'kuyamba kugogoda. Mmene ankapeza poti apatukire bwino, inali itazima kale. Atatsekula boneti anapeza oyilo atamwazika paliponse, injini ili bii, ndipo pothirira oyilo panali posatseka, chitsekerero chake palibe.

Ine ndi achimwene tinawapeza atakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, manja ali akuda. Zizindikiro zofiira zochenjeza anzawo anali ataziika kale, china kutsogolo china kumbuyo, patali poyenera. Ndinathamanga kukaona ngati avulala. Achimwene anasuzumira mu injini, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Bambo, mwachita chiyani?" Galimoto inabwerera kwa eni ake itaberekedwa pa lole.

Lolemba manijala wa garaja anatilandira mu ofesi yake. Anali munthu wofatsa, wa tayi, wolankhula motsitsa mawu. Anati injini yapsa yonse, pakufunika ina. Anati iwo ndi achisoni kwambiri. Kenako anafika komwe ankapita.

"Galimoto isanatuluke muno imadutsa m'manja mwa anthu awiri, woikonza ndi woiyendera. Chitsekerero sichingachoke chokha. Kawirikawiri zikatere ndiye kuti kunyumba wina anatsekula kuti aone oyilo n'kuiwala kubwezera." Anatembenukira kwa achimwene ngati bambo palibe. "Kodi madalawa amakonda kutsekula boneti?"

Achimwene anagwetsa nkhope. "Tsiku lililonse."

"Sindinatsekule," anatero bambo. "Chichokereni muno sindinaikhudze mpaka itazima pa msewu paja. Ndinalonjeza."

Manijala anamwetulira. "Zimachitika, bambo. Tonse timaiwala."

Kwathu amanditcha Tsabola, ndipo dzinali sanandipatse pondiyamikira. Ndinaimirira n'kumufunsa manijalayo ngati ankagona pakhomo pathu kuti adziwe zomwe bambo amachita m'mawa. Ndinamufunsanso chifukwa chomwe anatiuzira kuti fungo lija n'labwinobwino m'malo moitanitsa galimoto kuti aione. Iye anati za foni imeneyo afufuza. Achimwene anandikoka dzanja. "Khala pansi iwe. Kuno si kumsika."

Lamlungu masana tinasonkhana pabalaza, ana tonse, amayi ndi bambo. Achimwene sanakalipe. Bola akanakalipa. Ankalankhula mwachifundo, ndipo funso lawo linali limodzi.

"Bambo, mukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza."

"Zaka zonsezi dzanja lanu linazolowera. Munthu amatha kuchita chinthu mutu usakudziwa. Za ketulo zija munkadziwa?"

Achimwene anatembenukira kwa amayi.

"Amayi, inu simunamvepo boneti ikutsekedwa sabata ija?"

Amayi sadziwa kunama, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka akanadziwa. "Ndinamva ndithu chitsulo chikulira m'mawa wina," anatero. "Koma kaya inali boneti, kaya geti, sindingalumbire."

Ine ndinati inali geti, poti ana anga amaimenyetsa tsiku lililonse. Ndinati a garaja si angelo, nawonso amadya n'kukhuta n'kuwodzera. Achimwene anandifunsa ngati ndili ndi umboni, ndipo ndinalibe. Ang'ono anga ankangoyang'ana pansi. Funso lija linabweranso, n'kubweranso, mofatsa, mpaka bambo anapukuta nkhope ndi chikhatho n'kuyankha.

"Mwina."

Anapisa m'thumba, anatulutsa kiyi wachiwiri wa galimoto, wa pa kachingwe kachikopa, n'kumuika patebulo. Achimwene anamutenga. Anati nawonso zikuwapweteka, koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinatuluka panja kuti ndisanene zomwe zinali kukhosi.

Kuyambira pamenepo bambo anasanduka munthu wa pakhonde. Ana anayamba kukwera minibasi, amayi ndinkawaperekeza ine pa takisi. Chomwe chinandiopsa si kukhala kwawoko, koma kuti anayamba kufunsa. Kodi ndamwa mankhwala? Kodi chitseko ndakhoma? Ankadzuka pa mpando kukagwira loko yemwe amugwira kumene. Munthu amene ankadziwa pamtima misewu yonse yomwe mabasi amayenda anayamba kupempha mdzukulu kuti awaperekeze kugolosale.

Tsiku lina kunabwera mayi wa nyumba yoyandikana nayo, mwana ali kumsana, thupi latentha. Sanamve za ngoziyo. Bambo anamuuza kuti galimoto ili ku garaja, ndipo akanalekera pomwepo zikanakwana. Koma anawonjezera. "Ngakhale ibwere, mayi, musamandidalire. Mutu wayamba kundinamiza." Ndinali kukhitchini, ndipo ndinamva ngati wina wandiponda pamtima.

Buku la amayi la kuchipatala linali litatsalira m'galimoto, pamodzi ndi katsamiro ka bambo ka pamsana. Ndinapita kukatenga. Mtsikana wa pa kauntala anati ndidikire, wina andibweretsera. Ndinadikira mpaka anandipatsa tiyi wachiwiri. Kenako ndinamuuza mwaulemu kuti akapanda kundilowetsa, ndiyamba kufotokozera makasitomala onse omwe ali pa masofawa nkhani ya injini yathu, kuyambira pa fungo. Posakhalitsa kunabwera kapitawo wa amakaniko, bambo wamtali wa imvi m'ndevu, n'kunditsekulira chitseko choletsedwa chija.

Kuseri kunali dziko lina. Kamphepo kozizira kanathera pakhomo. Galimoto zinali zothinana, zina m'mwamba pa zitsulo, zina pansi zikudikira, amakaniko akuthamanga uku ndi uku thukuta lili kamukamu, wina akuitanidwa asanamalize pomwe ali. Kumapeto otsuka ankakuwa kuti awapatse galimoto, nthawi yatha, mwini wake akudikira. Sizinali zoipa ayi. Inali garaja basi, yonga ina iliyonse, kungoti ya denga labwino.

Tikudutsa ndinaona kanthu. Galimoto iliyonse yotsekula boneti inali ndi chitsekerero cha oyilo chitakhazikidwa kutsogolo, pa loko penipeni pomwe boneti imakola ikamatsekedwa. Ndinafunsa chifukwa chake.

"Limenelo ndi lamulo lathu muno, mayi," anatero kapitawo monyadira. "Ukachotsa chitsekerero, uike pa loko. Boneti singatsekeke chili pamenepo. Ndiye palibe galimoto ingatuluke muno pothirira posatseka. Ukaona boneti yatsekeka, dziwa kuti zonse zili m'malo."

"Nanga wina akaigwetsa mwamphamvu?"

"Sizichitika."

Anayankha msanga, koma maso ake anapita pakona pomwe galimoto ya bambo inaima, fumbi litayamba kuikuta. Ndinati tikaone. Iye anati ntchito yake n'kundiperekeza kukatenga katundu basi. Ndinati katundu wina wa bambo anga ali kutsogoloko. Ndinakoka ndekha kachitsulo kaja, ndinadzutsa boneti, ndinayatsa tochi ya pafoni n'kuyamba kusuzumira. Za injini sindidziwa kanthu, koma kufuna chinthu chotayika ndimadziwa, ndine mayi wa ana. Kunsi kwa loko, pa kampata ka pakati pa rediyeta ndi mphuno ya galimoto, panali kanthu kakuda kozungulira katapanikizika.

Kapitawo anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga waya, anamupinda kumapeto, anapisa n'kukoka. Chinali chitsekerero cha oyilo. M'mbali mwake munali bala lakuya, pomwe chitsulo cha boneti chinachiluma chisanachikankhire pansi.

"Mwina madalawo anachiika okha pamenepa," anatero, koma mawu ake analibe mphamvu.

"Bambo anga amaika m'thumba la malaya," ndinamuyankha. "Chilowereni m'banja amayi akhala akulimbana ndi oyilo pa matumba. Mukafuna ndikubweretsereni malaya onse muone."

Anakhala pa tayala lomwe linali pambali n'kuvula chipewa. Sindinamufunse, anangoyamba yekha. Anati tsiku lija galimoto zinachuluka. Makaniko atathira oyilo ayenera kuti anaitanidwa pa galimoto ina. Otsuka akabwera safunsa, amangogwetsa boneti n'kupita nayo, ndipo boneti za galimoto izi n'zolemera. Woyendera uja anaipeza yotseka, yotsukidwa, yowala, ndiye anaivomereza. "Chiyambireni lamulo ili," anatero, "chitsekerero tinasiya kuchiyang'ana. Timayang'ana boneti."

Ndinapita nacho chitsekererocho ku ofesi. Manijala atachiona anatambasula dzanja kuti achilandire. Ndinachiika m'chikwama changa n'kutseka zipi. Mawu ake anatsika kuposa kale. Anati tikambirane ngati anthu, kampani yawo imalemekeza makasitomala, injini aika yatsopano ife osalipira kanthu. Pomwepo anaimbira achimwene n'kupepesa kwa nthawi yaitali. Ndinadikira amalize.

"Amene munawanena kuti aiwala si amenewo," ndinatero. "Ali kunyumba, pakhonde. Tiyeni mukawauze nokha."

Anati malamulo a kampani salola kuyendera makasitomala m'makomo, koma madalawo awakonzera kamphatso. Anandipatsa ambulera ndi chipewa zolembedwa dzina la kampani. Ndinazisiya pa sofa potuluka.

Ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati munthu wopambana mlandu. Ndinaika chitsekerero pa katebulo ka pakhonde n'kufotokoza zonse, za loko, za otsuka, za bala. Amayi anagwira pakamwa, misozi n'kulengeza. "Sabata ija sindinachape malaya a oyilo ngakhale amodzi," anatero. "Umboni ndinali nawo m'beseni, ine n'kumati kaya."

Bambo anatenga chitsekererocho, anachitembenuza, anayendetsa chala pa bala lija. Ndinkadikira kuti aseke, kapena akalipe, kapena anditume kukaitana achimwene.

"Ndiye kuti sindinatsekule?" anandifunsa.

"Simunatsekule, bambo. Munkanena zoona kuyambira pachiyambi."

"Koma ndikukumbuka ndikutsekula," anatero pang'onopang'ono. "Masiku onsewa ndakhala ndikuganiza, mpaka ndinaziona. Kunali kamphepo, ndinavala juzi. Ndinachotsa chitsekerero, kenako amayi ako anandiitana."

"Sizinachitike zimenezo, bambo."

"Eya, ndamva. Nanga ngati sizinachitike, ine ndikuzikumbuka bwanji?"

Mkwiyo womwe ndinali nawo pa manijala unali wochepa poyerekeza ndi womwe unandigwira pamenepo, ndipo uwu ndinalibe woti ndimukalipire nawo.

Galimoto inabwera patatha milungu ingapo. Anaibweretsa achimwene okha, m'mawa wa tsiku lachipatala la amayi. Anaiimika pomwe inkaima kale, anatsika, n'kupita pakhonde makiyi onse ali m'manja. Chibadwireni sindinawamvepo achimwene akupepesa munthu, koma tsiku limenelo anakhala pansi pa sitepe, m'munsi mwa mpando wa bambo, thalauza la ku ofesi lomwelo.

"Bambo, ndinakulakwirani. Ndinamvera anthu achilendo kusiya inu. Galimoto ndi yanu. Muziyendetsa, boneti muzitsekula mmene mukufunira."

"Palibe mlandu, mwana wanga," anatero bambo. "Unkafuna zabwino."

Analandira makiyi. Amayi anali atavala kale, chikwama chili m'manja. Bambo anapita ku galimoto, anakoka kachitsulo, ndipo achimwene anathamanga kukawagwirira boneti. Bambo anaona madzi. Anasolola kandodo, anapukuta, anabwezera, anasololanso. Anamasula chitsekerero chatsopano, anachiika m'thumba la malaya, anasuzumira, anachibwezera n'kumanga bwinobwino. Boneti inatsekedwa. Mtima wanga unakhala m'malo.

Bambo anakhala pa chiwongolero, anakonza galasi, analowetsa kiyi. Sanalize. Anagwira thumba la malaya. Kenako anatsika, anatsekulanso boneti, anagwira chitsekerero, anachiyesa, anatseka. Anabwerera pa chitseko n'kuima, dzanja lili pa chogwirira.

"Tsabola," anandiitana motsitsa mawu kuti achimwene asamve. "Ndatseka chija?"

"Mwatseka, bambo. Tonse taona."

Anagwedeza mutu. Anayang'ana boneti, anayang'ana amayi omwe anali atakhala kale kumbuyo akudikira. Kenako anazula kiyi, anatenga dzanja langa, anaikamo makiyi onse n'kulipinda ndi lawo.

"Yendetsa iwe," anatero. "Muli amayi ako umu."

Achimwene anayamba kunena kanthu, koma bambo anali atazungulira kale. Anakhala pa mpando wa pambali panga, anamanga lamba, manja anaika pa mawondo. Ndinaliza galimoto, ndipo injini yatsopano inalira bwino kwambiri. Njira yonse ya kuchipatala, tikamayandikira mphambano iliyonse ndinkaona phazi la bambo likuponda pansi, pomwe palibe buleki.